Phunziro 17: Kudyetsa Nthaka Yoguga

Kuwerenga: Luka 13:1-9, Genesis 2:15, Levitiko 25:1-7

Vesi loloweza pamtima: Luka 13:8

Cholinga: Ana adziwe kuti nthaka imaguga ngati tingoidyera osaibwezera kanthu, ndiponso kuti iwo omwe, ngakhale ndi ana a m'tauni, angathe kuthandiza kuidyetsa.

Zobwera nazo: dothi lakuda la pansi pa mtengo, dothi louma la panjira, mtengo umodzi wa nandolo kapena mtedza wozulidwa bwino ndi mizu yake, malata awiri aafupi, udzu wouma ndi chitini cha madzi.

Mau kwa inu aphunzitsi

Ana ambiri a m'kalasi mwanu anabadwira muno mu Blantyre, ndipo mwina muganiza kuti nkhani ya ulimi siiwakhudza. Koma tayang'anani bwino mwezi wa Januwale. Kuseri kwa nyumba ku Zingwangwa, m'mbali mwa misewu ku Machinjiri, m'mapiri a Ndirande ndi Bangwe, ndi kunsi kwa Michiru ku Chilomoni, pali ponse pamene pali kamalo pali chimanga. Mabanja enanso ali ndi munda kumudzi ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Matumba awiri kapena atatu ochokera m'timinda totere ndiwo amathandiza kuti malipiro a bambo kapena a mayi afike kumapeto kwa mwezi. Akasowa, mwana amabwera ku Sande Sukulu asanadye kanthu.

Chotero phunziro ili mulikonzekere mosamala. Mulire m'maganizo mwanu kuti pakati pa anawo pali ena amene kwawo sanakolole chaka chino. Musanene kanthu koonetsa ngati banja lokolola pang'ono ndi laulesi kapena lochimwa.

1. Fanizo la mkuyu

Fotokozani fanizoli m'mau anuanu. Munthu anali ndi mkuyu m'munda mwake wamphesa. Zaka zitatu anabwera kudzafuna zipatso, osapeza. Tsono analamula wantchito wake kuti audule, chifukwa unangotsekereza malo. Wantchitoyo anapempha chaka chimodzi china. Sanapemphe kuti angokhala ndi kudikira ayi, koma analonjeza ntchito ziwiri: kukumba mozungulira mtengowo, ndi kuthirapo ndowe.

Fanizoli liphunzitsa za kuleza mtima kwa Mulungu, amene amapatsa munthu nthawi yolapa. Chimenechi muchinene poyera. Koma taonaninso kuti Yesu anatenga chitsanzo chimene mlimi aliyense anachidziwa: mtengo ukaleka kubala, choyamba yang'ana nthaka. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda, kulima ndi kusamala. Ambiri a ife tagwira yoyamba yokha. Pa Levitiko 25 Aisrayeli analamulidwa kupumitsa minda chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Makolo athunso anali kusiya munda ugonere tsala. Lero malo achepa, ndipo palibe wa ku Ndirande amene angagoneke kamunda kake. Ngati sitingathe kupumitsa nthaka, tiyenera kuidyetsa.

2. Kodi nthaka imaguga bwanji?

Chimanga chimadya kwambiri chakudya cha m'nthaka chotchedwa nayitirojeni. Tikakolola timachotsa chakudyacho m'munda pamodzi ndi zisononkho. Tikatentha mapesi, kapena anyamata akayatsa moto posaka mbewa, chotsalacho chimauluka ndi utsi. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda chophimba, makamaka pamalo otsetsereka, imakokolola dothi la pamwamba limene lili ndi chonde. Zikachitika zimenezi chaka ndi chaka, ndipo mbewu ndi chimanga chokhachokha, munda umaguga.

Zizindikiro zake ana angazione okha. Masamba a m'munsi a chimanga amachita chikasu chisanakule. Dothi limauma gwaa ngati njerwa, madzi osalowa. Nyongolotsi zimasowa. Kenaka kaufiti amabuka ndi timaluwa take tofiira. Dzina lakelo limachititsa ena kuganiza kuti mnansi wawalodzera munda, ndipo mabanja ena adana pa chifukwa chimenechi. Auzeni ana zoona zake. Kaufiti ndi chomera chimene chimamatirira ku mizu ya chimanga ndi kuyamwa chakudya chake. Chimakonda nthaka yopanda chonde, ndipo mbewu zake, zimene ndi zazing'ono ngati fumbi, zimakhala zamoyo m'dothi zaka zambiri. Mankhwala ake ndi kuchizula chisanabereke mbewu, ndi kubwezera chonde m'munda.

3. Feteleza ndi manyowa

Mwana wina adzati, “Kwathu sitinakolole chifukwa tinalibe feteleza.” Musamtsutse, pakuti akunena zoona. Feteleza ndi wothandiza ndithu. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo mphamvu yake imaoneka m'masiku ochepa. M'chaka cha 2005 boma linayamba ndondomeko ya makuponi kuti alimi osauka agule feteleza motchipa, koma si onse amene anafikiridwa, ndipo kuyambira 2021 mtengo wake unakwera koposa.

Chimene ana ayenera kumvetsa ndi kusiyana kwa zinthu ziwirizi. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chomwecho. Manyowa amadyetsa nthaka yeniyeniyo: amaifewetsa, amaithandiza kusunga madzi pa nthawi ya ng'amba, ndipo amabwezeramo tizilombo tabwino. M'nthaka youma yopanda manyowa, feteleza wambiri amangopita ndi madzi. M'nthaka ya manyowa, feteleza wochepa amagwira ntchito yaikulu. Ziwirizi sizilimbana, zimathandizana.

4. Njira zitatu zodyetsera nthaka

(a) Kupanga manyowa. Apa a m'tauni tili ndi mwayi umene sitiuona. Makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba otsala pa msika, zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi, phulusa la m'mbaula, masamba osesedwa pabwalo, zonsezi timazitaya mu ngalande, ndipo zimakatseka mitsinje monga Nasolo ndi Mudi. Chonsecho ndicho chakudya cha nthaka.

Kapangidwe kake ndi kotere. Sankhani malo a mthunzi. Kumbani dzenje, kapena ingounjikani mulu wotalika mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Pansi yalani mapesi oduladula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma, kenaka zaziwisi, kenaka ndowe kapena zitosi, ndi kuwazapo phulusa pang'ono ndi dothi lakuda. Thirani madzi oti anyowetse, osati adikhe. Bwerezani chomwecho mpaka mulu utakwana. Ena amamata mulu wonse ndi matope, nasiya kabowo pamwamba. Amenewa ndiwo manyowa a chimato. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patapita masiku angapo n'kupeza kuti yatentha, dziwani kuti manyowa akupsa. Ngati simunamate, tembenuzani mulu pakapita masabata awiri kapena atatu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Nthawi yabwino yoyamba ndi atangokolola, kuti pofika Okutobala akhale atapsa. Pa kamunda kakang'ono musamwaze ponseponse, koma ikani manja awiri odzaza pa phando lililonse.

Chenjezani ana kuti mapulasitiki, magalasi, mabatire ndi zonyansa za m'chimbudzi zisalowemo, ndipo asambe m'manja ndi sopo akatha ntchito.

(b) Kubzala mbewu za mtundu wa nyemba. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni wochuluka, magawo 78 pa 100 alionse, koma chimanga sichingathe kumtenga. Nandolo, mtedza, soya ndi khobwe zimatha, chifukwa pa mizu yake pali timibulu mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso togwira ntchito imeneyi. Kuno kumwera nandolo timamdziwa kale. Amakula pang'onopang'ono osapikisana ndi chimanga, mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo masamba ake akayoyoka amasanduka chonde. Pamwamba pa izo amatipatsa ndiwo ndi nkhuni.

Abale athu a Sinodi ya Livingstonia anaona zimenezi. M'chaka cha 2000 ogwira ntchito pa chipatala cha Ekwendeni, ataona kuchuluka kwa ana onyentchera, anayamba ntchito yothandizana ndi alimi a m'midzi yozungulira kuyesa mbewu zimenezi, monga kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza ndi kukwirira zotsalira zake. Patapita zaka, ana a m'midzi imene inalimbikira anayamba kukula bwino. Kuchiza nthaka kunathandiza kuchiza ana.

Palinso mitengo ya chonde. Ku Makoka, m'boma la Zomba, akatswiri anayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kubzala gilisidiya pakati pa chimanga, namadula masamba ake ndi kuwakwirira m'mizere. Chimanga chinachita bwino koposa cha m'munda wopanda kanthu, koma phindu lenileni linayamba kuoneka patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

(c) Kuteteza nthaka ku madzi. Kuthira manyowa m'munda umene dothi lake likukokoloka kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Pamalo otsetsereka mizere iyenera kupingasa, osati kutsika ndi phiri. Alangizi a zaulimi amathandiza kuyeza akalozera, ndipo pa akalozerawo pabzalidwe udzu wa vetiva. Pakati pa mizere pakhale ngonyeka kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Mapesi asatenthedwe, akwiriridwe kapena aphimbire nthaka. Ndipo pali malo ena otsetsereka kwambiri amene safuna khasu konse, koma mitengo.

Achikulire a ku Ndirande akumbukira pamene phiri lawo linali ndi nkhalango. Mitengo yambiri inatha m'zaka za m'ma 1990. Tonse tikumbukiranso mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu ambiri anafa. Pa mfundo iyi yendani pang'onopang'ono, pakuti mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene anataya mbale wake. Nchifukwa chake tayamba kuwerenga pa vesi 1. Pa Luka 13:4-5 Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa anzawo. Amene anamanga ndi kulima m'phiri anachita zimenezo posowa malo ena. Sitikufuna wolakwa, tikufuna kuti phiri livalenso.

5. Kaphunzitsidwe

Musawerengere ana zonse zili pamwambazi. Ndi zanu, kuti mukhale ndi poyankhira. Yambani ndi kupereka dothi la mitundu iwiri lija kuti aligwire ndi kulinunkhiza, ndipo anene okha kusiyana kwake. Kenaka simbani fanizo.

Tulukani nawo panja. Ikani dothi pa malata awiri aja ndi kuwapendeketsa mofanana. Limodzi muliphimbe ndi udzu. Mwana mmodzi athire madzi pa onse awiri, ndipo anzake aone madzi otsika: kwina ofiira ndi dothi, kwina oyererako. Pomaliza aonetseni timibulu ta pa mizu ya nandolo. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo; kamene kakugwira ntchito kamakhala kofiirira m'kati. Ana aang'ono akwanitsidwa ndi fanizo ndi malata. Aakulu muwafotokozerenso kapangidwe ka manyowa.

6. Mafunso

1. Kodi wantchito uja anapempha chiyani, ndipo analonjeza kuchita chiyani?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimagugitsa nthaka.
3. Kodi kaufiti akamera m'munda, akutiuza chiyani?
4. Kodi feteleza asiyana bwanji ndi manyowa?
5. Ndi zinthu ziti zimene kwanu mumataya zimene zingadyetse nthaka?

7. Ntchito ya ana

Pemphani chilolezo kwa akulu a mpingo kuti kalasi lanu lipange mulu wa manyowa m'mbali mwa bwalo la tchalitchi. Mwana aliyense abwere ndi kathumba ka makoko kapena masamba Lamulungu likudzali. Mvula ikayamba, bzalani mizere iwiri ya chimanga, wina ndi manyowa, wina wopanda, ndipo anawo aziyeza msinkhu wake mwezi ndi mwezi. Musawatume kukadzudzula makolo awo. Angopempha kangodya kamodzi ka munda, mapando khumi okha, kuti ayesepo. Makolo akaona ndi maso adzafunsa okha.

Inunso aphunzitsi muyambe kwanu. Ana amakhulupirira msanga mphunzitsi amene m'manja mwake mwagwira ndowe. M'mera mpoyamba: mwana amene waphunzira lero kuti munda woguga sutayidwa, adzadziwanso kuti munthu wolephera satayidwa.

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha nthaka imene imatidyetsa. Mutikhululukire pamene taidyera osaisamala. Mukumbukire mabanja amene nkhokwe zawo zilibe kanthu, ndi iwo amene akulirabe abale awo. Mutipatse manja olimbika ndi mtima wodekha monga wa wantchito uja. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.