Musalipire Kuti Mulembedwe Ntchito



Chaka chatha ndinaona uthenga m'gulu la WhatsApp woti kampani ina ku Limbe ikufuna anthu a MSCE. Ndinatumiza CV, ndipo tsiku lomwelo anandiimbira: "Mwatengedwa achimwene, ingotumizani K15,000 ya fomu." Ndinabwereka kwa amayi n'kutumiza. Kutacha, nambala ija sinkapezekanso. Manyazi ake, eee!

Nazi zomwe ndinaphunzirapo:

1. Olemba ntchito enieni sapempha ndalama ya fomu kapena ya intavyu. Akangotchula ndalama, thawani.

2. Fufuzani kaye. Ntchito mwaiona pa Facebookyo, kodi ilinso pa tsamba la kampaniyo, pa LinkedIn, kapena m'nyuzipepala ngati The Nation ndi The Daily Times? Ofesi yawo ili kuti? Ngati ili pafupi, pitani mukaone ndi maso.

3. Ntchito zakunja zimafuna kusamala kwambiri. Mu 2024, BBC inaonetsa nkhanza zimene amayi a ku Malawi anakumana nazo ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Alongo, musanyamuke musanawerenge kontrakiti, ndipo pasipoti isachoke m'manja mwanu.

4. Musanyoze ganyu. Ine ndinayamba kuphunzitsa ana masamu madzulo. Kholo la mwana wina ndi limene linandiuza za ntchito ndikugwira panoyi, komanso linandichitira umboni.

Ngongole ya amayi ija ndinabweza ndi ndalama ya ganyuyo.

Allah atipatse rizq la halal. Ameen.