Phunziro la Dziko Lonse Liyambire pa Mbombwe

Ana ambiri a sukulu m'boma la Chiradzulu amaganiza kuti mbiri ya dziko lapansi ndi nkhani ya maiko akutali. Komatu mphunzitsi wofuna kuwaonetsa mmene maiko amakhudzirana sasowa zitsanzo, pakuti zili m'boma momwe muno.

Chitsanzo choyamba chili pa Mbombwe. M'chaka cha 1897, John Chilembwe adapita ku America pamodzi ndi mmishonale Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900, adakhazikitsa Providence Industrial Mission mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda a ku America wa National Baptist Convention. Nthawi imeneyo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique ankagwira thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kulima thonje lomwe linkagulitsidwa kutsidya kwa nyanja. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Chilembwe adalemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo, ndipo pa 23 Januwale 1915 adatsogolera anthu kuukira atsamunda. Mwana akamvetsa mbiriyi, amazindikira kuti misika ndi nkhondo za ku Ulaya zidasintha moyo wa makolo ake.

Chitsanzo chachiwiri ndi nandolo. Gawo lalikulu la nandolo wa m'chigawo cha kummwera amagulitsidwa ku India. Mu 2017 boma la India lidachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mtengo udatsika kwambiri kuno. Mlimi yemwe sadaione India adasowa ndalama ya feteleza ndi fizi chifukwa cha lamulo la kumeneko. Phunziro lake ndi lakuti kudalira mbewu imodzi ndi msika umodzi n'kuika banja pachiswe.

Chitsanzo chachitatu ndi namondwe wa Freddy. Adayambira kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yamchere ya India, ndipo mu Malichi 2023 mvula yake idagumula nthaka ndi miyala ya m'mapiri a boma lino, n'kupha anthu ambiri. Akatswiri amati kutentha kwa dziko kumawonjezera mvula ya anamondwe, ndipo utsi wambiri wotenthetsa dziko umachokera m'maiko a mafakitale. Komabe kudula mitengo ndi kulima m'malo otsetsereka kumakulitsa ngozi, ndipo zimenezi zili m'manja mwa eni dera.

Zitsanzo zitatuzi zimathandiza mwana kumvetsa chitukuko chokhazikika, chomwe ndi kupeza zosowa za lero popanda kulanda mibadwo ya mawa. Pamfundo imeneyi ndi pomwe pagona zolinga 17 zomwe maiko adagwirizana ku United Nations mu 2015, komanso masomphenya a Malawi 2063.

Ntchitoyi si ya aphunzitsi okha. Makomiti a sukulu angathe kukonza ulendo wa ophunzira wokaona PIM. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera angathe kuitana achinyamata pokambirana za nkhalango ndi mbewu zolima. Agogo nawo afotokozere adzukulu kumene mtundu wawo udachokera ndi chimene chidawasamutsa. Paja kuongola mtengo ndi uli waung'ono: mwana wodzala mitengo m'phiri akudziwa chifukwa chake sadzaidula akadzakula.