Kamangidwe ka Kaundula wa Mabizinesi a M'dera pa Intaneti

Kaundula wa pa intaneti ndi webusaiti imene imasonkhanitsa mayina a mabizinesi, amisiri kapena nyumba za lendi pamalo amodzi n'kuwaika m'magulu, kuti munthu wofuna pulambala, telala kapena wowotcherera mageti apeze nambala yake ndi pamene ali popanda kuyamba wafunsa m'magulu a WhatsApp. Webusaiti yotereyi masiku ano simangidwa polemba khodi kuchokera pachiyambi, koma imakhazikitsidwa pa pulogalamu imene akatswiri amaitchula kuti content management system, mwachidule CMS, yomwe imasunga zolembedwa zonse m'nkhokwe imodzi ndi kulola munthu wosadziwa kulemba mapulogalamu kuti aziwonjezera, kukonza ndi kufufuta zinthu kudzera pa fomu wamba. Malangizo awa atenga Area 18 mumzinda wa Lilongwe monga chitsanzo, popeza m'derali muli makasitomala ambiri okhala ndi mafoni a intaneti, ena mwa iwo ogwira ntchito ku Capital Hill ndi ku City Centre, pamene amisiri owathandiza amachokera ku Senti, Mtandire, Mgona ndi Area 25, ndipo mbali ziwirizi zimapezana pofunsafunsa basi.

Choyamba ndi kudula malire. Achinyamata ambiri ongomaliza maphunziro a kompyuta amayamba ndi cholinga cholemba mabizinesi onse a m'Malawi, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo chotsatira chake chimakhala webusaiti ya magulu ambirimbiri amene lililonse lili ndi dzina limodzi kapena mulibiretu kanthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kaundula woyamba akhale wa dera limodzi limene womangayo angalizungulire wapansi kapena pa kabaza, ndipo magulu ake asapitirire 10 kapena 12, osankhidwa potengera zimene anthu a m'deralo amasowa mwadzidzidzi, monga okonza mapaipi, okonza magetsi, amakaniki, akalipentala, masaluni, sukulu za mkaka ndi ogulitsa gasi.

Zaukadaulo n'zosavuta kuposa mmene anthu amaziopera. Pamafunika dzina la webusaiti, lotchedwa domain; malo obwereka pa kompyuta yaikulu yosazimitsidwa imene imasunga webusaitiyo, otchedwa hosting; ndiponso CMS yeniyeniyo. Mayina othera ndi .mw amalembetsedwa kudzera ku Malawi SDNP, pamene othera ndi .com amagulidwa kwa makampani osiyanasiyana pa mtengo wongoyerekeza wa madola 10 mpaka 20 pachaka, ndipo hosting yokwanira kaundula wa mayina mazana angapo imadya pakati pa madola 3 ndi 10 pamwezi. Popeza kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo ndalama zakunja n'zosowa, kulipira kampani yakunja ndi khadi la kubanki kumatha kukanika pa tsiku lenileni limene webusaiti ikufunika kulipiridwanso, choncho kampani ya m'dziko muno yolandira makwacha ndi yoyenera kuiganizira ngakhale itakwera mtengo pang'ono. CMS yoyenera ndi WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lonse. Joomla ndi Drupal zimagwiranso ntchito, koma wozidziwa woti n'kuthandiza zinthu zikasokonekera sapezeka msanga. Pamwamba pa WordPress pamaikidwa plugin, kutanthauza kapulogalamu kowonjezera ntchito yapadera, ndipo za makaundula zodziwika ndi Directorist, GeoDirectory ndi HivePress, zomwe zonse zili ndi mtundu waulere wokwanira chaka choyamba. Satifiketi ya chitetezo imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https imaperekedwa ulere ndi Let's Encrypt, ndipo wolipiritsa padera chinthu chimenechi akungodya za mnzake. Ma plugin olipira amene amagawidwa ulere m'magulu a Telegram ndi WhatsApp asayandikiridwe n'komwe, chifukwa nthawi zambiri amakhala atabisidwamo khodi yotsegulira akuba khomo. Zonsezi munthu wakhama amazimaliza pa tsiku limodzi kapena awiri, magetsi akalola.

Pamene makaundula ambiri amafera si pa pulogalamu ayi, koma pa zolembedwa zimene zimalowa m'kati mwake. Anthu amatha milungu akusankha mitundu ndi logo, kenako n'kukopera mayina ndi manambala kuchokera pa masamba a Facebook usiku umodzi, osaimbako foni ndi imodzi yomwe. Munthu akaimba manambala awiri otsatizana n'kupeza kuti ina siikupezeka ndipo ina yayankhidwa ndi munthu wosadziwa za bizinesiyo, satsegulanso webusaitiyo, ndipo amauzanso anzake. Pa chifukwa chimenechi, womanga asanalowetse dzina lililonse mu WordPress akonze kaye tebulo la mu Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi bizinesi imodzi, lokhala ndi mabokosi awa: dzina, gulu, dera, gawo la dera, chizindikiro chapafupi, madera amene mmisiriyo amafika, nambala yoimbira, nambala ya WhatsApp, maola ogwira ntchito, malo a pa mapu ndi tsiku limene zonsezi zinatsimikizidwa. Mabokosi omwewa ndi amene adzapangidwe mu plugin, ndipo tebulolo likasungidwa monga fayilo ya CSV limalowetsedwa lonse nthawi imodzi.

Bokosi la dera lisakhale loti munthu azilembamo yekha. Likasiyidwa lotseguka, mmodzi amalemba "Area 18", wina "A18", wina "18B", wina "ku 18", ndipo kwa kompyuta amenewa ndi madera anayi osiyana, moti wofufuza masaluni a mu Area 18 amangoona ochepa pamene ena onse abisika. Madera alembedwe kamodzi ndi mwini kaundula pa mndandanda wosankhapo, dera lalikulu pamwamba ndi magawo ake pansi: Area 18 ikhale ndi 18A ndi 18B, Kawale akhale ndi 1 ndi 2, Chinsapo chimodzimodzi, Area 25 ikhale ndi magawo ake monga 25A, 25B ndi 25C. Lamulo lomweli likhudzenso magulu a ntchito, kuti pasakhale gulu la "okonza magalimoto", lina la "magalaja" ndi linanso la "amakaniki". Kukonza zimenezi mayina atafika kale 300 ndi ntchito yowawa imene ambiri amaisiyira panjira, choncho zikonzedwe pachiyambi.

Palinso kusiyana pakati pa pamene bizinesi ili ndi kumene imafika, kumene ma plugin ambiri sakuganizira pokhapokha womanga awonjezere bokosi lake. Golosale kapena butchala ili pamalo amodzi ndipo kasitomala ndi amene amapita. Koma pulambala wokhala ku Mgona amagwira ntchito ku Area 18, Area 47 ndi Area 49, ndipo makaniki wa ku Biwi Triangle amatha kukwera minibasi kukadzutsa galimoto imene yafera ku Area 23. Ngati kaundula amangosonyeza kumene mmisiri amagona, mayi wa ku 18A amene paipi yaphulika m'bafa adzauzidwa kuti m'dera lake mulibe pulambala, pamene alipo ambiri otha kufika pasanathe ola.

Chizindikiro chapafupi ndicho adiresi yeniyeni ya ku Lilongwe. Ngakhale bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala, wakabaza sayendera zimenezo, ndipo nambala ya poloti imadziwika kwa landilodi ndi a Lilongwe Water Board, osati kwa kasitomala. Chizindikirocho chikhale chinthu chosasamuka, monga chipatala cha Area 18, msika, sukulu, tchalitchi, mzikiti kapena malo omwetsera mafuta, ndipo chilembedwe ndi kolowera kwake: "kuchokera pa chipatala kulowera kumsika, msewu wachiwiri kumanzere, geti lachitatu". Zolemba monga "pafupi ndi kontena yofiira" kapena "pa mtengo wa mango" zikanidwe, chifukwa kontena imapentedwa ndipo mtengo umadulidwa. Ngakhale zinthu zazikulu zimasintha: raundabauti ya Area 18 pa msewu wa M1 inagumulidwa n'kumangidwapo misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndipo malangizo onse amene ankayambira pa raundabautiyo anafunika kulembedwanso.

Malo a pa mapu atengedwe munthu ataima pakhomo pa bizinesiyo ndi foni yoyatsa GPS, osati atakhala pa desiki akuloza ndi chala pamene akuganiza kuti mpomwepo. Manambala amene foni imapereka ndi awiri, ndipo kwa Lilongwe amakhala pafupifupi -13.9 ndi 33.8. Kamzere kakutsogolo kwa nambala yoyambako kamasonyeza kuti malowo ali kummwera kwa equator, ndipo kakasowa pokopera, saluni ya ku 18B imakaonekera m'dziko la Sudan. Vuto limeneli limachitika kawirikawiri, ndipo limaoneka pokhapokha wina atsegule mapu a dzina lililonse litalowetsedwa. Pa mapu enieniwo, OpenStreetMap ndi yaulere, pamene Google Maps imafuna kuti womanga alembetse khadi la kubanki; ena mwa ma plugin atchulidwa aja amalola kusankha. Potolera zonsezi m'dera, pulogalamu ya KoboCollect imathandiza chifukwa imasunga fomu, chithunzi ndi malo ngakhale bandulo itatha, n'kudzazitumiza pambuyo pake.

Nambala ya foni iimbidwe pomwepo, mwini bizinesi ali chiimire, mpaka foni yake ilire. Zimenezi zimatenga masekondi ochepa, koma n'zimene aulesi amadumpha. Manambala onse alembedwe m'kalembedwe kamodzi, koyamba ndi +265 ndipo ziro wakutsogolo atachotsedwa, chifukwa batani lotsegula WhatsApp, lomwe limadzera pa wa.me, siligwira ntchito ngati nambala yayamba ndi 099 kapena 088. Nambala ya WhatsApp ifunsidwe payokha, popeza amisiri ambiri ali ndi malayini awiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo imene ili pa chikwangwani si nthawi zonse imene ili pa WhatsApp.

Kutsimikiza kamodzi sikokwanira. Mafoni amabedwa, malayini amatayika, ndipo nambala yokhalitsa osagwira ntchito imatha kupatsidwa kwa munthu wina. Okala imatsekedwa lendi ikakwera, ndipo telala amasamukira pa khonde lina osauza aliyense. Choncho dzina lililonse likhale ndi tsiku lotsimikizidwa loonekera poyera kwa owerenga, ndipo plugin itcheredwe kuti dzina lizibisika lokha pakatha masiku 90 ngati palibe waimba foni kuti atsimikize. Mwini kaundula wa mayina 200 ayembekeze kuimba mafoni 15 kapena 16 mlungu uliwonse, chaka chonse, ndipo ndalama ya mayunitsi ndi ya kabaza imeneyi ndiyo imadzaposa ya hosting. Amene sangakwanitse zimenezi achepetse mayina. Mayina 80 oyankha foni ali ndi ntchito kuposa mayina 800 okopera, ndipo malangizo ofala akuti webusaiti iyambe yadzaza kuti ioneke yaikulu ndi amene amapha makaundula.

Mabizinesi akayamba kudzilembetsa okha kudzera pa fomu, chilichonse chotumizidwa chiziyamba chadikira kuti mwini kaundula achione ndi kuimba foni chisanatuluke poyera. Izi n'zofunika kwambiri pa gulu la nyumba za lendi, kumene madobadoba ena amaika zithunzi za nyumba imene si yawo n'kuuza munthu kuti atumize ndalama yokaonera kapena ya dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba. Wobedwayo sadzakumbukira dzina la dobadobayo koma la webusaiti. Womanga amene alibe nthawi yokaona nyumba iliyonse ndi maso asiye gulu limeneli mpaka mtsogolo.

Nambala ya foni ya munthu ndi pamene amakhala ndi zinthu zimene lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Pa fomu pakhale chiganizo chomveka, m'Chichewa, chonena kuti mwini bizinesi walola kuti dzina, nambala ndi malo ake zionekere pa intaneti, komanso njira yopemphera kuti zichotsedwe. Kwa amene amagwirira ntchito pakhomo, monga amayi ophika makeke, ndi bwino kungosonyeza gawo la dera ndi nambala, osati geti lenilenilo.

Zithunzi zichepetsedwe zisanakwezedwe, kuchoka pa 4 kapena 5 MB zimene foni imajambula kufika pansi pa 200 KB, ndipo webusaiti iyesedwe pa foni yotchipa ya itel kapena Tecno pogwiritsa ntchito bandulo, osati pa laputopu yolumikizidwa ku Wi-Fi ya muofesi.

Nkhani yolipiritsa idikire. Mwini saluni sangapereke ndalama pa chinthu chimene sichinamubweretsere kasitomala, choncho kulembetsa kukhale kwaulere kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, uku plugin ikuwerengera kuti batani loimbira la bizinesi iliyonse ladinidwa kangati. Chiwerengero chimenecho n'chimene womanga amadzaonetsa mwini bizinesi pomupempha kandalama ka pamwezi kuti dzina lake lizioneka pamwamba pa gulu, ndipo poyamba ndalamayo ikhoza kulandiridwa pa Airtel Money kapena Mpamba n'kulembedwa m'buku, popanda kuvutika ndi mapulogalamu olipirira pa webusaiti.

Domain ndi hosting zilembetsedwe m'dzina ndi imelo ya mwini kaundula, osati ya mnyamata amene wathandiza kumanga, chifukwa mnyamatayo akapita ku Johannesburg amapita ndi mapasiwedi onse. Kope la webusaiti yonse lizisungidwa mlungu uliwonse kunja kwa hosting, mwachitsanzo pa Google Drive kudzera mu plugin ya UpdraftPlus, ndipo tsiku lolipiranso domain lilembedwe pa kalendala kutatsala mwezi wathunthu, kuti ngati khadi lakanidwa pakhale nthawi yopita kubanki.