Kwa mwana wa mng'ono wanga amene wagula njinga

Mwanawe, mayi ako andiuza kuti tsopano ukumapalasa kuchoka ku Area 25 kupita kuntchito ku Kanengo m'malo molimbana ndi mitengo ya minibasi. Wachita bwino. Koma ananenanso, ngati nkhani yongodutsa, kuti ukafika pakhomo umangodziponya pamkeka osafuna ngakhale kukoleza mbaula, ndiponso kuti anapeza timibulu ta dothi m'chikwama chako. Iwo anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa njira imeneyi ndinaiyenda.

Zaka 12 ndinkapalasa kuchoka ku Chinsapo kukagulitsa chakudya kwa amisiri omanga nyumba m'tauni, nsima ndi ndiwo pa kaliyala, chigubu cha thobwa chomangidwa ndi malegeni. Chaka chimene ndinabereka mwana wachitatu, chitunda chochoka pa mlatho wa Lilongwe chinayamba kunditalikira. Ndinkatsika n'kumakankha njinga, mtima ukugunda mpaka m'makutu, m'maso muli mdima. Mlandu ndinayamba kuupereka kwa njinga: ndinasinthitsa tcheni, ndinakangana ndi wokonza kuti wamangitsa mabuleki. Kenako ndinadzitcha waulesi. Apongozi anati ndiwiritse masamba a mapeyala poti madzi ake amafiira ngati magazi, ndipo ndinamwa mwezi wathunthu. Tsiku lina ndinatsitsimuka ndili gone m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, nyemba zili mbwee pansi, anthu atandizinga. Kuchipatala anandibaya chala, namwino n'kuti magazi anga ali pa 8. Mkazi amene sali woyembekezera sayenera kutsika pa 12, malinga ndi mlingo wa bungwe la WHO.

Timati magazi achepa, koma sikuti aphwa ngati chitsime m'mwezi wa Okutobala. Chachepa ndi himogulobini, chimene chimanyamula mpweya kuchoka m'mapapo kupita m'minofu, ndipo thupi silingachipange popanda ayironi. Munthu wokhala pampando tsiku lonse atha kukhala ndi vutoli miyezi ingapo osadziwa. Wanjinga amagwidwa msanga, poti ntchafu zikamakwera mtunda zimafuna mpweya wambiri nthawi imodzi. Kupalasako kumawonjezeranso pake. Thukuta limatuluka ndi ayironi pang'ono, ndipo ukagwira ntchito yolemetsa chiwindi chimatulutsa hepcidin, amene amachuluka pakadutsa maola 3 mpaka 6 n'kuchepetsa ayironi wolowa kuchokera m'matumbo. Choncho usamanyamuke ndi tiyi yekha m'mimba n'kumadalira chakudya chamasana. Idya kanthu kenikeni m'mawa, ngakhale nyemba zotsala dzulo utazitenthetsa bwino.

Anyamata a kabaza asakunamize kuti iwo amapalasa tsiku lonse ndi chipisi cha pachiwaya basi. Mwamuna amafuna mamiligalamu 8 a ayironi patsiku. Iwe ukufuna 18, chifukwa mwezi uliwonse umataya magazi, ndipo ukadzakhala ndi pakati udzafuna 27. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza kuti amayi 33 mwa 100 alionse azaka 15 mpaka 49 anali ochepa magazi. Mumpingo mwanu, pa benchi ya amayi atatu, mmodzi ali m'gulu limenelo. Si onse amene vuto lawo ndi chakudya: malungo amaphwanya magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo zimawabera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake sindikukuuza kuti ukagule mapiritsi ku famase. Ndikuti ukayezetse. Chipatala cha Area 25 chili pafupi nawe. Ukakafika usakachite manyazi kunena za kumwezi. Ngati umapitirira masiku 7, kapena umasintha ola lililonse, kapena kumatuluka zibuluma zazikulu, nena, chifukwa kuthira madzi mumtsuko wobooka n'kudzivuta.

Za dothilo. Inenso ndinkaligula pamsika, ndinkalikonda lowotcha lija, ndipo mvula yoyamba ikagwa fungo la nthaka linkandidzaza malovu m'kamwa. Chilakolako chimenecho kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuchepa kwa ayironi. Choipa chake n'chakuti dothi limamata ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'thupi, ndipo lingabwere ndi mazira a njoka. Nditamwa mankhwala owonjezera magazi masabata angapo ndinapezeka ndikudutsa pa ogulitsa osacheuka n'komwe.

Akakakupatsa mapiritsi owonjezera magazi, chimbudzi chidzada, mwinanso kuuma, ndipo ena amachita nseru. Ambiri amasiyira pamenepo, ena amasiya akangomva mphamvu zabwerera. Ine ndinasiya kawiri, kawiri konse chitunda chija n'kundibwerera. Magazi akakwera pamafunika miyezi ina ngati itatu kuti nkhokwe ya m'thupi idzaze. Mapiritsiwo uwasunge pamwamba, kutali ndi ana a achemwali ako, poti amaoneka ngati maswiti ndipo angaphe mwana.

Pa zakudya sindikuuza za nyama ya tsiku ndi tsiku ngati kuti sindidziwa mtengo wake pa Nsungwi. Ayironi wa m'zamoyo ndiye amalowa mosavuta: usipa ndi bonya zodyera limodzi ndi mitu, chiwindi kamodzi pasabata ndalama ikalola, ngumbi nyengo yake ikafika. Wa m'nyemba, bonongwe ndi chisoso ndi wouma mutu, amafuna womuperekeza. Finyira ndimu pandiwo, idya gwafa kapena kumwa madzi a malambe pa chakudya chomwecho. Nyemba uzinyika usiku. Ufa woyera ndi wokoma, ndikudziwa, koma zambiri zinapita ndi madeya, ndiye uzisinthanitsa ndi mgaiwa. Ndipo tiyi, amene ine ndinkamutenga ngati mnzanga wapamtima, ndiye ankandibera kwambiri. Akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi. Papite ola limodzi kapena awiri.

Tsopano chotengera chakudyacho. Mayi ako akuti umapakulira nsima yamoto m'kontena yakale yamajarini. Sindikuweruza, ine ndinkanyamulira nsima ya anthu 20 m'ndowa imene munali penti. Pulasitiki samangokhala duu. Akakumana ndi kutentha, mafuta kapena zowawasa, tina mwa timankhwala timene anapangira timasamukira m'chakudya, ndipo ndiwo zathu za tomato ndi mafuta, zotentha, zomangidwa pa kaliyala padzuwa, zili ndi zitatu zonsezi. Tembenuza kontenayo uone pansi pake. Ukapeza nambala 5 m'kachizindikiro ka ngodya zitatu, imeneyo imapirira kutentha. Nambala 1 ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa zozizira. Thiramo thobwa lamoto uone mmene limakhwinyatira. Nambala 6 ndi timbale toyera topepuka ta m'malo ogulitsira zakudya, tosagwirizana ndi mafuta otentha. Mwa za nambala 7 muli zolimba zooneka mkati zokhala ndi BPA, mankhwala amene amasokoneza mahomoni, amene maiko a European Union anawaletsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Yopanda nambala, yofiira ndi tomato wosachoka, yokalikakalika mkati, isandutse yosungira zikhomo za zovala.

Majumbo opyapyala aja ndiye ndimadana nawo. Boma linawaletsa mu 2015, onse osafika mamaikuloni 60, ndipo Khothi la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anaona mbuzi za alimi zikufa ndi mapulasitiki m'mimba, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Lamulolo linabwera poteteza chilengedwe, koma ine ndimaganiza za mayi amene akuvundikira mphika wa mbatata ndi jumbo kuti ipse msanga, ndi mnyamata amene akuthira chipisi chochoka m'mafuta owira m'kajumbo kofewa kale. Masamba a nthochi ankagwira ntchito imeneyi agogo ako asanaone pulasitiki.

Komabe uziike zinthu pa mlingo wake. Za timankhwala ta m'pulasitiki zimaunjikana pang'onopang'ono, pa zaka. Zokugwetsa sabata ino ndi ziwiri. China ndi chigubu chimene munali mankhwala a mbewu kapena oyilo wagalimoto: ngakhale utsuke ndi sopo ndi mchenga kakhumi, usathiremo chakumwa. China ndi uve wobisala m'mikwingwirima ya kontena yakale ndi m'mabotolo otola. Unaona wekha kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Botolo lako la madzi likhale lako wekha, lotsukidwa tsiku lililonse n'kuumitsidwa chozondotsa.

Ndapatsira mayi ako bakuli langa lachitsulo la zipinda zitatu. Ndinaligula nditachira, ndi phindu la mwezi wathunthu, ndipo ndinalira nalo mtengo. Chivundikiro chake n'chopindika pang'ono mbali imodzi, ndiye uzilikulunga ndi kansalu usanamange malegeni kuti msuzi usadonthere pa tayala. Lolemba upemphe chilolezo kuntchito ukabayitse chala, ndipo nambala imene akakuuze unditumizire pafoni.