Mapulagi ndi atsopano, koma galimoto yakana kulira

Kalata yathu yoyamba lero yachokera ku Mukobeko, m'tauni ya Kabwe. Bambo awa alemba kuti: "Ndili ndi Toyota Corolla yakale ya injini ya 5A. Loweruka ndinasintha ndekha mapulagi onse anayi. Chiyambire tsikulo sitata ikuzunguza injini bwinobwino koma galimoto sikulira, mwina imangophulika ngati mfuti. Kodi anandigulitsa mapulagi achinyengo?"

Pepani bambo, koma musafulumire kukakangana ndi wogulitsa. Mapulagi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso alipodi, koma kawirikawiri galimoto imalira nawo, kungoti imanjenjemera ndi kumwa petulo wambiri. Kuphulikako kukundiuza kuti mwasemphanitsa mawaya.

Injini ya 5A ili ndi distributor, ndipo moto umapita kumasilinda motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2. Silinda 1 ndi ya kumbali kwa malamba. Mukazula mawaya onse nthawi imodzi, awiri n'kusinthana malo, moto umafika pamene silinda sinakonzeke. Tsekulani boneti, mulondole waya uliwonse ndi chala kuchokera pa distributor mpaka papulagi yake. Wamfupi ndi wa silinda yoyandikana ndi distributor. Ukanikizeni mpaka mumve kuti "tcha". Ulendo wina muzisintha imodziimodzi.

Popeza mwakhala mukuyesa kuyiliza chiyambire Loweruka, mapulagiwo anyowa ndi petulo. Amasuleni aume, ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi. Pobwezera yambani kumanga ndi dzanja, sipanala ibwere pomaliza, kuopa kuwononga mazinga. Kenako pondani moto mpaka pansi, muzunguze injini masekondi osapitirira 10. Batire ikakhala yafooka, ikatchajidwe kaye.

Chinanso bambo, chotsani fumbi lozungulira pulagi musanayimasule, lisagwere m'silinda. Koma chonde musaliuzire ndi pakamwa. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma dothi la madera ena m'tauniyo likadali ndi mtovu. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, musambe m'manja musanagwire nsima, ndipo ana asamasewere pamene mukugwirira ntchitopo.

Amayi ena, a ku Kabwe komweko, akuti Vitz yawo inalira atasintha mapulagi, koma ikutsokomola ndipo nyali ya injini yayaka. Amayi, yanuyo ilibe distributor, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake pamwamba. Pitani kwa amakaniko akaone timasoketi ta makoyilowo, chifukwa mwina kamodzi sikanalowe bwino. Musapite nayo ulendo wautali isanakonzedwe.