Mafunso ndi Mayankho: Ultrasound ndi Mankhwala a Mphete

Funso: Wophunzira wina wa chemistry wochokera ku Malawi, yemwe akukhala ku Braamfontein mu Johannesburg, akufunsa ngati mankhwala a mphete opangidwa ndi ultrasound ali abwino m'thupi kuposa opangidwa powiritsa, popeza njira ya ultrasound imatchedwa yosamalira chilengedwe. Kumapeto kwa kalata wangotchula mwapatalipatali kuti amathira ethanol m'beseni lenilenilo la makina a ultrasound kuti ntchito ifulumire.

Yankho: Funsoli limabwera chaka ndi chaka ndipo yankho lake silisintha: njira yophikira sisintha khalidwe la chophikidwacho. Mankhwala a mphete ndi amene maatomu ake amalumikizana mozungulira, kaboni atasakanikirana ndi naitirojeni, okosijeni kapena salufa, monga zilili mu chloroquine wa malungo ndi isoniazid wa chifuwa chachikulu. Ultrasound ndi mafunde a phokoso ogunda maulendo oposa 20,000 pa sekondi, omwe khutu silimva, ndipo akamadutsa m'madzi amatulutsa timathovu timene timaphulika ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 5,000 mkati mwake. N'chifukwa chake ntchito ya maola ambiri nthawi zina imatha m'mphindi zochepa, monga asonyezera ofufuza a gulu la Sreekantha Jonnalagadda ku University of KwaZulu-Natal.

Chodetsa nkhawa ndi ethanol uja. Nthunzi yake imatha kugwira moto ngakhale pa madigiri 13 okha, pomwe beseni limatentha pang'onopang'ono likamagwira ntchito, mafunde akumwaza ethanolyo mumpweya pafupi ndi mawaya a magetsi. M'beseni muyenera kukhala madzi basi. Zosakanizazo zikhale m'botolo lagalasi lomizidwa m'madzimo, pansi pa kabati yokoka utsi, thermometer ili pomwepo, ndipo zala zisalowe m'madzi makina akulira. Wophunzira wosiya zimenezi pofuna kupulumutsa mphindi khumi sakuyenera kupatsidwa makiyi a labotale, ndipo omuyang'anira ayenera kudziwa lero lomwe.

Pa za ubwino wa mankhwalawo m'thupi, kunena kuti chinthu chili ndi mphamvu pa zamoyo nthawi zambiri kumangotanthauza kuti chapha tizilombo kapena maselo m'mbale yoyesera, ndipo poizoni nayenso amachita zomwezo. Ufa woyera wotsala m'botolo sulawidwa, supatsidwa m'bale wodwala, ndipo sugulitsidwa ngati mankhwala ku South Africa usanayesedwe pa anthu ndi kulembetsedwa ku SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala pansi pa lamulo nambala 101 la 1965.