Makalata a Omvera: Zisudzo Kapena Ntchito ya mu Ofesi?

Kalata ya lero yachokera ku Area 9 mumzinda wa Lilongwe. Wailemba ndi mnyamata wowerengera ndalama pa kampani ina ku City Centre, koma mtima wake uli pa zisudzo. Akuti m'mawa akakhala pa desiki, maso amakhala pa manambala pamene maganizo ali pa sewero limene gulu lake likukonzekera. Tsono akufunsa: asiye ntchito?

Achimwene a ku Area 9, musafulumire kutsanzika abwana. Taonani a Michael Usi. Dziko lonse lidawadziwa ngati Manganya wa mu sewero la Tikuferanji, komabe ankagwira ntchito ku bungwe la ADRA mpaka adakhala mkulu wake m'dziko muno. Ofesi sidaphe sewerolo.

Alipo amene adadzipereka kwathunthu. Malemu Du Chisiza Jr adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, n'kumalemba okha masewero ndi kuzungulira nawo m'maholo, anthu akulipira pakhomo. Koma njira imeneyo ndi yolimba. Lendi ya holo, thiransipoti ya osewera, zovala, mapositala, zonsezi zimafuna ndalama chitseko chisanatsegulidwe, ndipo mvula ikati igwe Loweruka madzulo, osewera amaonetsa sewero kwa mipando yokhayokha.

Inu mwayi muli nawo, manambala ndi ntchito yanu kale. Gulani kope, muzilembamo ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka pa chionetsero chilichonse, uku mukuyeserera madzulo mukaweruka.

Omvera nonse a luso, kaya ndi kuimba, kusoka kapena kujambula, musasiye ntchito kufikira lusolo litayamba kulipira lendi ndi kugula ufa kwa miyezi ingapo yotsatizana.